Magazi Ochokera Kundende

Kunyumba, 4 Malichi

Alamu,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino monga mmene malowo angalolere. Ife kuno tilipo, koma osati bwino. Pepani zilembo zokhotakhotazi. Masiku ano ndimalemba ndi dzanja lamanzere, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa kuposa wina aliyense.

Sindikulemba kuti tifukule zakale. Mlongo wanu akudwala kwambiri. Kuyambira chaka chatha ankangotopa, moti kusaluni kwake ankalephera kumaliza kuluka mutu umodzi osakhala pansi. Kenako nkhama zinayamba kutuluka magazi, ndipo m'miyendo munatuluka mawanga akuda. Kuchipatala chachikulu anamuyeza n'kupeza khansa ya m'magazi. Walandira mankhwala amphamvu, ndipo madokotala akuti matendawo agona koma sanafe.

Chimene chatsala n'chakuti aphe mafuta ake onse a m'mafupa, komwe magazi amapangidwa, n'kumuika maselo a munthu wina kuti ayambe kupanga magazi atsopano. Si munthu aliyense angapereke. Akuti mwayi waukulu uli pa m'bale wa bere limodzi. Inu munabadwa awiri okha.

Mukavomera, namwino adzabwera kumeneko kudzatenga magazi pang'ono kuti aone ngati mukugwirizana. Dokotala walembera kale mkulu wa ndende. Amayi anu akudziwa kuti ndalemba kalatayi.

Yankhani msanga.

Ine mlamu wanu.

*

Kundende, 21 Malichi

Kamphuno mlongo wanga,

Moni. Ndikuyankha iwe, osati amuna ako. Uli bwanji kwenikweni? Nanga amayi ali bwanji ndi mawondo awo aja?

Ine ndilipo. Timagona chammbali, wina akafuna kutembenuka timatembenuka chipinda chonse. Masana ndimakhala kushopu yowotcherera zitsulo. Atamva kuti ndi ntchito yanga anandipatsa zitsulo za m'mawindo, ndiye ukamva kuti chaka chino palibe wathawa, udziwe kuti achimwene ako ntchito amaitha.

Kalata ya alamu yafika yotsegula kale, monga makalata onse kuno. Abwana owerenga makalata, moni kwa inunso. Ndaiwerenga mpaka pepala lafewa, ndipo mawu amodzi akukana kundichoka: mawanga akuda. Tsiku lija ndinakupeza utagona pansi m'khitchini unalinso ndi mawanga akuda. Kukhoti unauza woweruza kuti unagwa pamasitepe, m'nyumba yopanda masitepe. Ine ndinalowa muno chifukwa cha mkono wa munthu ameneyo. Zaka zitatu zadutsa iwe osandilembera ngakhale mzere umodzi, lero kalata yoyamba ikuchokera kwa iyeyo, kupempha magazi anga. Ukanakhala iwe ukanaganiza chiyani?

Lemba wekha. Zilembo zako ndimazidziwa, zija zogwera chagada ngati zaledzera. Ukandiuza ndi dzanja lako kuti ndi khansa, ndikhulupirira. Ngati ndi zina zimene sungalembe iye akuona, ungonena kuti mvula ikugwa kwambiri, ndimva.

Amayi akamabwera anditengere sopo ndi maenvulopu. Envulopu iyi ndabwereka.

Achimwene ako.

*

Kundende, 9 Epulo

Kamphuno,

Moni kachiwiri. Uli moyo? Tsiku lililonse msilikali akamaitana maina a olandira makalata ndimaima pafupi ngati ndili ndi ntchito pamenepo. Anzanga ayamba kundiseka.

Dzulo kunabwera namwino ndi kabokosi ka madzi oundana. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti sindipereka kanthu kalata yako isanafike. Koma atatulutsa singano mkono unatambasuka wokha. Ndinamufunsa ngati akukudziwa. Anati, "Wokonza tsitsi uja? Ndimamudziwa. Amatidzudzula tonse kuti tinaluka moipa." Pamenepo ndinadziwa kuti ulikodi kuchipatalako. Nditafunsa kuti uli bwanji anayang'ana kabokosi kake n'kunena kuti zimenezo ndifunse adokotala.

Magazi apita. Tsopano lemba.

Achimwene ako.

*

Kunyumba, 11 Epulo

Alamu,

Moni. Kalata yanu ya mwezi watha inafika kunyumba kuno, ndipo ndinaitsegula ndine. Mungakwiye, koma masiku amenewo mlongo wanu sankazindikira munthu. Kachilombo kanamulowa m'magazi, thupi linatentha mpaka madokotala anatiitanira pambali ine ndi amayi anu. Pano wayamba kupeza bwino.

Ndawerenga zonse, za mvula zomwe. Mvula sikugwa.

Ine mundide mmene mungathere, sindikuletsani. Koma musamulange iye pofuna kulanga ine. Madokotala akuti matendawa akadzukanso tisanachite kanthu, njira imeneyi itsekeka. Ngati mwakana, nenani poyera kuti tisamangoyang'ana kumsewu.

Ine mlamu wanu.

*

Kuchipatala, 27 Epulo

Achimwene,

Moni. Izi ndi zilembo zanga, zogwera chagada monga kale, kungoti tsopano zaledzeradi ndi mankhwala. Muli bwanji? Sopo anafika? Makalata anu onse awiri ndawaona. Kalata yachiwiri ya alamu anu muiiwale, inaphonyana ndi yanu panjira.

Ndi khansa, achimwene. Za kukhoti sindilemba papepala limene anthu ena aziwerenga. Tidzakambirana maso ndi maso, ndipo mudzanena zonse zimene mwasunga.

Mwagwirizana nane. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, analowa akumwetulira ndi maso, poti pakamwa pa aliyense muno pamakhala masiki. Anthu ndimawadziwira maso ndi nsapato. Chipinda changa chili ndi bedi, mpando umodzi, sinki, ndi zenera losatseguka loyang'ana khoma la kochapira zovala. Maluwa saloledwa, zipatso zosasenda siziloledwa. Makalata anu amawaika m'kathumba ka pulasitiki n'kukapukuta ndi sipiriti, ndiye ndimakuwerengani ngati katundu wa m'sitolo. Tsitsi lonse linathothoka. Ine amene ndinkaseka makasitomala a dazi, mutu uli ngati bondo.

Ndinafunsa zimene adzakuchiteni, poti ndikudziwa kuti mumaopa mpeni wa dokotala ngakhale simuvomera. Sadzakung'ambani. Akuti m'mafupa muli maselo ena amene ndi mbewu ya magazi onse, ofiira ndi oyera omwe. Maselo amenewa sayendayenda. Pakhungu pawo pali timapuloteni tomata ngati ulimbo, timene timawagwiriza kukhoma la m'kati mwa fupa, ndipo akakhala pamenepo ndi pomwe amabereka magazi. Adzakubayani jakisoni kwa masiku angapo amene amawachulukitsa n'kumasula ulimbowo, kuti agwere m'magazi. Kenako makina adzawasefa kuchokera pamkono, magazi enawo n'kukubwezerani.

Inenso sadzanding'amba. Adzangondiika ngati diripi. Ndinafunsa kuti adzadziwa bwanji njira ya kufupa. Anati amayenda ndi magazi thupi lonse, koma akafika m'timitsempha ta m'mafupa timapuloteni tija timakola pakhoma, selo n'kuyamba kugubuduzika pang'onopang'ono, kuima, kenako n'kudzipanikiza kulowa m'kati. Ndinati, "Nanga akasochera?" Anati, "Ambiri amasocheradi, n'chifukwa chake tikufuna ochuluka." Ndiye muzidya, ngakhale chakudya chili choipa.

Chimene chikundiopsa n'chakuti asanandiike anuwo ayenera kupha anga onse. Akatero kulibenso kubwerera. Adokotala akuti sayamba mpaka ataona thumba la maselo anu ndi maso awo, chifukwa za galimoto ya kundende sazikhulupirira.

Mlongo wanu.

*

Kundende, 30 Meyi

Kamphuno,

Moni. Uli bwanji m'kabokosi kakoko? Ndikulemba nditagona chafufumimba, msana ukadali wa eni ake.

Adokotala ako ananena zoona za galimoto. Ulendo woyamba inalibe tayala. Wachiwiri tayala linalipo koma msilikali wondiperekeza anali kumaliro. Ine ndinkangovala malaya ochapa m'mawa, masana n'kuwavula. Mpaka adokotalawo anabwera okha kudzalankhula ndi mkulu wa ndende. Sindikudziwa zimene anamuuza, koma mawa lake galimoto inali ndi matayala onse.

Jakisoni uja ankandibaya pamimba kuchipatala cha muno. Sunandiuze kuti amapweteka mafupa. Chiuno, nthiti, ngakhale chipumi, ngati wina akumenya nyundo kuchokera m'kati. Namwino anati ndi chizindikiro chabwino, maselo adzaza ndipo akumasuka. Anzanga a m'chipinda anandipatsa malo a kukhoma kuti asamandiponde. Malo amenewo munthu amawadikira zaka.

Kuchipatala kwanuko anandigoneka pabedi, singano mkono uwu, singano mkono uwo, pakati makina akulira ngati firiji yakale. Msilikali anasowa pomanga unyolo, ndiye anamanga mwendo. Ndinafunsa namwino kuti uli kuti. Analoza kudenga. Ndinapempha kuti pomaliza andidutsitse pakhomo pako ndikuonere pagalasi. Msilikali anati pepala lake likunena chipinda chimodzi chokha.

Dzuwa litakwera chitseko chinatseguka, n'kulowa amuna ako. Waonda. Mkono wamanja uja umangolendewera, ndinali ndisanauone chichokereni kukhoti. Anaima kumiyendo kwa bedi atakumbatira fulasiki.

Anati, "Ndabweretsa tiyi."

Ndinati, "Ndimwa ndi chiyani, phazi?"

Anayang'ana msilikali. Msilikali anati iye sanalembedwe ntchito yomwetsa akaidi. Ndiye amuna ako anapanira fulasiki m'khwapa, kutsegula ndi dzanja lamanzere, kuthira, n'kundiika kapu pakamwa. Theka linathera pamalaya anga ochapa aja.

Ndinati, "Alamu, tsiku lina ndidzatuluka. Ndikadzamva kuti mwamukhudzanso..."

Anati, "Imwani tiyi, alamu, azizira."

Ndinamwa. Shuga anali wochepa. Sanachoke mpaka makina atazima. Usaganize kuti ndamukhululukira. Ndikungokuuza zimene zinachitika.

Thumbalo ndinaliona. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu, koma ndi kathumba kochepa, mtundu wake ngati madzi otsukira nyama. Namwino anakanyamula ndi manja awiri n'kutuluka nako. Ine anandimasula mwendo, kundimanga manja, n'kunditsitsira kugalimoto. Pabwalo ndinayang'ana mawindo onse a m'mwamba, koma onse ndi ofanana.

Undiuze ngati maselowo afika.

Achimwene ako.

*

Kuchipatala, 24 Juni

Achimwene,

Moni. Msana uli bwanji? Pepani kuchedwa, cholembera chinkandilemera.

Anapha maselo anga, n'kundiika anu. Zinatenga kanthawi kochepa, moti amayi amene ankaonera pagalasi anafunsa kuti, "Basi?" Kenako kunali kudikira. M'mawa uliwonse amatenga magazi, masana adokotala amabwera kudzanena kuchuluka kwa asilikali a m'thupi, maselo oyera aja. Tsiku ndi tsiku yankho linali lakuti palibe. M'kamwa munatuluka zilonda mpaka kukhosi, malovu omwe ndinkalavulira m'kambale poopa kumeza. Pamene panalowa chubu pachifuwa panafiira koma osachita mafinya. Ndinkayesa ndi zabwino. Namwino anati ayi, mafinya ndi asilikali amene afera pankhondo, ndiye ngati palibe ndi chifukwa choti palibe wapita kukamenya. Sindinaganizepo kuti ndidzasirira mafinya.

Panali masiku amene ndinkayang'ana khoma la kochapira lija n'kumaganiza kuti maselo anu onse asochera, ndipo ndakhala chigoba chopanda mwini. Chitseko chilibe loko, koma ndikanatuluka chimfine cha munthu wodutsa chikanandipha.

Lachiwiri lapitali ndinadzuka n'kumeza malovu osadziwa. Ndinamezanso dala. Ndinauza adokotala, koma pepala linkanenabe kuti palibe. Anandiunika m'kamwa ndi tochi nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Afika." Akuti asilikali oyamba sachedwa m'magazi. Mitsempha ya pafupi ndi bala imatulutsa zomata zake, iwo akamadutsa amakola pomwepo n'kutulukira kubala. Ndiye m'kamwa mumadziwa pepala lisanadziwe. Lachisanu pepala linavomera.

Akuti kuyambira pano magazi anga ndi anu, ngakhale gulu lake lisintha. Ndikadzaba nkhuku n'kudzicheka pampanda, apolisi adzabwera kwa inu. Mwayi wake mudzakhala ndi umboni wa komwe munali.

Za tiyi alamu anu sanandiuze. Ndamva kwa inu.

Mlongo wanu.

*

Kunyumba, 19 Julayi

Alamu,

Moni. Ndikulemba chifukwa mlongo wanu sangathe, ndipo amayi anu andipempha kuti ndikudziwitseni.

Anali pafupi kutuluka, koma wayamba kutsegula m'mimba kosalekeza. Chilichonse chimene wadya sichikhala. Khungu la m'manja lafiira ngati wapsa ndi madzi otentha. Si khansa yabwerera. Madokotala akuti asilikali amene anabwera ndi maselo anu sakumudziwa, akumuona ngati mdani, ndiye akumumenya m'matumbo. Mankhwala oyamba sanagwire. Akuyesa ena.

Sindikukuimbani mlandu. Ndangonena mmene adokotala ananenera.

Ine mlamu wanu.

*

Kuchipinda cha lendi, 12 Seputembala

Achimwene,

Moni. Muli bwanji? Ndakulemberani kawiri ndili m'chipatala, simunayankhe. Amayi anabwera kudzakuonani, anawabweza pageti osawauza chifukwa. Ngati mwatopa nafe, nenani. Ngati mwakwiya kuti alamu anu ndi amene anakulemberani za matumbo, ine ndinali ndi machubu manja onse, ndikanalemba ndi chiyani?

Ndinatsala pang'ono kupita, sindikubisirani. Ndinaonda mpaka mphete inkagwa yokha. Koma mankhwala achiwiri anagwira. Adokotala anandifotokozera kuti asilikali opita kumatumbo ali ndi kapuloteni kawokawo komata, kamene kamakola pamitsempha ya m'matumbo mokha. Mankhwalawa amakaphimba. Ndiye akafika pamenepo amaterereka n'kupitirira, osatha kutuluka m'mitsempha. Kwina konse akugwirabe ntchito yawo. Anatinso asilikali omwewo ndi amene akusakasaka khansa yotsala, ndiye sakufuna kuwapha, akungofuna kuwaletsa khomo limodzi. Pa kuyeza komaliza khansa sanaione.

Ndinatuluka sabata yatha. Ndiyenera kukhala pafupi ndi chipatala miyezi ingapo, kupewa mabasi, msika, ndi paliponse podzaza anthu. Kunyumba kuja sindinabwerere. Ine ndi amayi tapeza chipinda kuseri kwa sitolo yogulitsa utoto. Muli bedi, matiresi, ndi mbaula ya magetsi. Amayi amawiritsa chilichonse, supuni yomwe, ndipo tikukangana ngati kale.

Alamu anu amabwera madzulo akaweruka. Amasiya jumbo ya zakudya pakhomo, amakhala pa njerwa panja, ine m'kati, timalankhula chitseko chili chotsegula. Anandifunsa kuti ndibwerera liti. Ndinati sindikudziwa ngati ndidzabwerere. Ndinaona nsagwada zake zikulimba monga zinkachitira kale, ndipo mtima wanga unagunda monga unkachitira kale. Kenako anafunsa ngati mawa abweretse mazira. Miyezi yonseyi wandisambitsa, wanditawasa, wagona pabenchi. Amene anachita zakale zija ndi iye yemweyo. Zonse ziwiri ndikuzidziwa, ndiye musandiuze chochita. Madokotala, amayi ndi iye akundiuza kale zokwanira.

Yankhani, ngakhale mzere umodzi. Tsopano ndadziwa mmene kudikira kalata kumawawira.

Mlongo wanu.

*

Kundende, 3 Okutobala

Kamphuno,

Moni. Makalata ako atatu andipatsa lero pamodzi, omangidwa ndi labala. Ndayamba ndi womaliza kuti ndidziwe ngati uli moyo.

Sindinatope nanu. Kalata ya alamu ija inandipeza kushopu. Nditafika pa mawu akuti akumumenya m'matumbo, ndinazimitsa makina n'kupita kuofesi ya mkulu wa ndende popanda chilolezo. Ndinkafuna andilole kuimbira adokotala foni, ndiwauze kuti achotse zinthu zangazo mwa iwe. Anandiuza kuti ndilembe pempho. Ndinagwira chitseko, iwo kukoka, ine kukoka, chitseko n'kuchoka pamahinjesi. Sindinamenye munthu. Koma anandiika m'chipinda cha ndekha, n'kundiletsa makalata ndi alendo.

M'menemo muli bulangete, chidebe ndi kabowo kamwamba. Ndinalibe chochita koma kuganiza. Ndinkati, munthu uja ndinamuthyola mkono pofuna kukuteteza, zinathera muno. Ndakupatsa magazi pofuna kukupulumutsa, nawonso afika n'kuyamba ndewu. Ndinkaona ngati ukali wanga uli m'mafupa momwemo, ndipo ndakuthira. Ndinasiya kudya mpaka anabwera ndi namwino wa muno. Iye ndi amene anandiuza kuti zimenezi zimachitika ngakhale wopereka atakhala m'busa, ndiponso kuti maselowo akalowa sachotsedwa. Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akundiuza kuti wapita. Nthawi yonseyi, loko akalira ndinkati abwera kudzandiuza za maliro.

Ndiye wati amaterereka n'kupitirira. Ndawerenga pamenepo mobwereza. Uwathokoze adokotala afupiwo.

Chitseko chija andiuza kuti ndichikonze ndekha, ndipo masiku amene akanandichotsera pa chilango changa abwezeretsa. Usawauze amayi, ndidzawauza ndekha.

Za amuna ako wati ndisakuuze chochita. Ndaluma lilime. Likupweteka, koma ndaluma.

Achimwene ako.

*

Kuchipinda cha lendi, 14 Novembala

Achimwene,

Moni. Muli bwanji? Ine ndikulemera pang'onopang'ono, ndipo tsitsi layamba kumera, lofewa ngati la khanda.

Lachinayi ndinabwera kumeneko. Ndinapempha adokotala kuti ndidzakuoneni, anakana. Akuti chipinda cha alendo cha kundende ndi malo oyamba pa malo onse amene sindiyenera kupondako. Ndiye ndinachita zanga. Amayi atapita kukagula mankhwala ndinatenga takisi, mawindo onse otsegula, n'kudzaima tsidya lina la msewu, pakhonde la sitolo yotsekedwa yoyang'anana ndi geti.

Ndinaima nthawi yaitali. Kenako geti laling'ono linatseguka, n'kutuluka akaidi pamzere atanyamula mabini a zinyalala, msilikali kutsogolo, wina kumbuyo. Nonse zovala zofanana, mitu yometa. Ndinakufunani, osakupezani, kapena ndinakuonani koma osakuzindikirani. Ndiye ndinangokweza dzanja n'kubayibitsa mzere wonse, mpaka unalowanso.

Munandiona? Ndinavala masiki ndi juzi yobiriwira. Amayi sanandilankhule mpaka mawa lake.

Mlongo wanu.

*

Kundende, 28 Novembala

Kamphuno,

Moni. Amayi ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo ine ndili kumbali yawo. Koma ndasangalala.

Sindinakuone. Nthawi imeneyo ndinali kushopu, nkhope ili m'chigoba chowotcherera. A mabini ndi gulu lina. Koma nkhani yako inafika iwo asanasambe m'manja. Madzulo chipinda chonse chinkakangana za mayi wa masiki. Wina akuti ndi chibwenzi chake chakale, wina akuti ndi loya, wina akuti ndi wamisala chabe. Ine ndinkaseka nawo, osadziwa kuti akunena mlongo wanga.

Muli mkulu wina muno wa imvi, wa gulu la mabini lija, timamutcha Kondakitala. Chilowereni palibe anabwerapo kudzamuona. Iye sanakangane ndi munthu. Anadikira phokoso lithe, n'kundiuza chapansipansi kuti ameneyo ndi mwana wake wamkazi, wamuzindikira kaimidwe, ndipo masikiwo wavala chifukwa cha manyazi. Kuyambira tsikulo amachapa malaya Lachitatu lililonse, kukonzekera Lachinayi. Kalata yako itafika ndinapita kuti ndikamuuze. Ndinamupeza akumeta ndevu ndi kachidutswa ka galasi, ndiye ndinangomufunsa ngati akufuna sopo.

Ndapempha kuchoka kushopu kupita ku gulu la mabini. Msilikali anandiyang'ana ngati ndapenga, poti palibe amasiya ntchito ya pamthunzi kukanyamula zonunkha. Wavomera kuyambira mwezi wamawa.

Usabwere adokotala asanalole. Koma akadzalola, ubwere Lachinayi, uime pakhonde lomwelo, mphepo ikuchokera kumbuyo kwako kuti mpweya wathu usakufike. Ine ndidzakhala woyamba pamzere, wonyamula bini ndi dzanja limodzi. Kumbuyo kwanga kudzakhala mkulu wa imvi wa malaya oyera kuposa tonse. Akadzakweza dzanja, nayenso umubayibitse.

Achimwene ako.